Mapaundi 7 amene anandilanda malo achitatu

Galimotoyo ndinaigula mu Novembala 2021 kwa bambo ena achikulire a ku Ohio, amene mawondo anali atayamba kuwavuta moti kulowa ndi kutuluka m'kagalimoto kothina kunali kutawakwana. Inali Mazda Miata ya 1991, yofiira, ya injini ya malita 1.6. Zitsulo zotchinjiriza woyendetsa zinali zowotcherera kale mkati, malamba analimo, ndi kabuku kake ka mbiri kamene kuno amati logbook kanali m'thumba la pulasitiki. Ndinapereka madola 8,500, ndalama zimene ndinasonkhanitsa zaka zitatu pogwira maovataimu pa fakitale ina ku Elkhart. Ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi tilipo ndithu ambiri. Umakaniko ndinauphunzirira ku Limbe ndili mnyamata, choncho injini sinkandiopsa. Ndinagona pansi pa galimotoyo, ndinamvetsera kulira kwake, ndinagwedeza tayala lililonse, ndinawerenga kabuku kaja tsamba ndi tsamba.

Chimodzi chokha sindinafunse. Kumunsi kwa chitseko cha woyendetsa, chakumbuyo pafupi ndi tayala, kunali kasitika koyera ka manambala anayi. Popanda chilembo chilichonse kutsogolo kwake, manambala okhaokha. Ndinalozako chala, bambo aja n'kunena kuti, "Kumeneko ndi kulemera kwake." Ine ndinagwedeza mutu, tinakweza galimoto pa ngolo, ndinanyamuka. Nambala imeneyo inakhazikika m'mutu mwanga kuyambira tsiku limenelo ngati tsiku langa lobadwa.

Kwa amene simunalowepo m'masewera a mpikisano wa magalimoto, nkhani yake ili motere. Mipikisano yambiri ya anthu wamba kuno ku America, ya ife othamanga ndi ndalama za m'thumba mwathu, imayendetsedwa ndi mabungwe ngati SCCA, limene linayamba mu 1944. Bungweli lili ndi buku lalikulu la malamulo lotchedwa GCR, ndipo limatuluka latsopano chaka chilichonse. Magalimoto amawagawa m'makalasi, ndipo iliyonse ili ndi mlingo wa kulemera umene siyenera kutsika kupitirira pamenepo. Chifukwa chake n'chosavuta: galimoto yopepuka imanyamuka msanga, imaima msanga, imakhota bwino, ndiye popanda mlingo aliyense akanangosenda galimoto yake mpaka kutsala mafupa. M'kalasi yanga ya Spec Miata mlingowu si umodzi. Umasiyana malinga ndi chaka cha galimoto ndi injini yake. N'chifukwa chake lamulo limafuna kuti, kupatula makalasi amene ali ndi mlingo umodzi wokha, nambala yolondola ya m'buku la chaka chimenecho ilembedwe pa galimoto pamalo poti anthu a pa sikelo aiwerenge mosavuta. Ndipo ngati galimoto imathamanga m'makalasi awiri, nambala ya kalasi iliyonse ioneke moti munthu adziwe kuti iyi ndi ya iti. Mawu awiri amenewo, yolondola ndi ya chaka chimenecho, ndinadzawawerenga nthawi itatha kale. Buku lonselo lili pa intaneti, laulere. Ndinali nalo pa foni. Ndinawerengamo za chisoti, za malamba, za mbendera, ndinayeza ndi tepi kuti manambala a galimoto akwane mainchesi 8 ndi zilembo za kalasi mainchesi 4. Pa tsamba la kulemera sindinafikepo, popeza ndinkati yankho ndili nalo kale pa chitseko.

Nyengo yozizira yonse ndinathera m'galaja, kachitofu kamagetsi kali pa mapazi. Ndinachotsa zotsalira za makina oziziritsa mpweya zimene bambo aja anazisiya, ndinazula mawaya a wailesi, ndipo mpando wawo wakale, umene unali waukulu kwa ine, ndinausintha ndi wa aluminiyamu. Chilichonse chimene lamulo linalola kuchotsa ndinachotsa, n'kumaunjika pakona mosangalala. Nthawi yomweyo thupi langanso linali kutsika. Kuti upeze chilolezo chothamangira umayenera kupimidwa ndi dokotala, ndipo wanga anandiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Ndinachepetsa nsima ya usiku, ndinasiya zakumwa zotsekemera, ndipo pofika Epulo ndinali nditataya makilogalamu 8. M'nyumba tonse tinakondwera. Sizinandifikire m'maganizo kuti makilogalamu amenewo, omwe ndi mapaundi pafupifupi 18, achokanso pa galimoto, chifukwa mlingo uja amawerengera galimoto pamodzi ndi woyendetsa wake atavala zonse.

Mwezi wa Epulo ndinapita kusukulu ya oyendetsa ndi chikalata cha ophunzira, ndipo galimoto inayenderedwa koyamba pa chimene amati annual tech. Apa ndi pamene ndinadzinamiza kachiwiri. Woyenderayo anatenga nthawi yake: anaona madeti a malamba, anagogoda zitsulo, anayesa switchi yozimitsira magetsi onse, anaona chozimitsira moto, anatembenuza chisoti kuti aone chizindikiro cha mkati. Atafika pa chitseko anandifunsa kuti, "Nambala iyi ndi yanu yolondola?" Ndinati inde, ndi mtima wonse. Anasayina m'kabuku. Ine ndinachoka pamenepo ndikuganiza kuti galimoto yonse yavomerezedwa. Koma kuyendera kumeneko n'koona ngati galimoto ili yotetezeka, kuti usafe kapena kupha mnzako. Zoti ikugwirizana ndi malamulo a kalasi yake ndi udindo wa mwini wake. Funso lija linali mwayi wanga wotsegula buku, ndipo munthuyo anachita mbali yake pondifunsa.

Sindinene kuti sindinayezepo. Ndinayeza. Mnzanga wina wakuntchito ali ndi masikelo anayi aja oika pansi pa tayala lililonse, ndipo Loweruka lina anabwera nawo kunyumba. Tinaika galimoto, ndinavala zovala zonse ndi chisoti, ndinalowa, m'thanki muli magaloni 6 a petulo. Tinapeza kuti ndapitirira nambala ya pa sitika ndi mapaundi 45. Ndinatenga pensulo. Galoni imodzi ya petulo imalemera mapaundi 6 ndi kakang'ono pamwamba, ndipo pa mpikisano wa theka la ola galimoto yanga imamwa magaloni ngati 4. Ndiye kuti pomaliza ndikhala nditataya mapaundi 25, n'kutsala ndi 20 pamwamba pa mlingo. Masamuwo anali olondola. Ndinalemba pa khoma la galaja kuti "magaloni 6" n'kuzunguliza.

Mipikisano iwiri yoyamba, mu Meyi ndi mu Juni, ndinamaliza kumbuyo kwenikweni. Amene amaitanidwa ku sikelo kawirikawiri ndi atatu oyamba a kalasi iliyonse, choncho palibe anandiyang'ana. Sikelo ya pa bwalo inkakhala yotsegula m'mawa kwa aliyense wofuna kudziyeza yekha, kwaulere, ndipo nthawi zake zimalembedwa m'kapepala ka malamulo apadera a mpikisano uliwonse. Ndinkaona anzanga akukankha magalimoto awo pamzere, ine n'kumadutsa ndi kapu ya tiyi.

Kenako kunabwera Julayi, pa bwalo lina ku Michigan, ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchokera kwathu. Ulendo umenewu banja lonse linabwera: mayi a kunyumba, ana athu awiri, ndi alamu anga amene anadzipereka kukhala ondithandiza. Ananyamula nkhuku yootcha, mpunga, ndi nsima yokulunga m'nsalu kuti isazizire. Kunatentha tsiku limenelo, kutentha kwa chinyezi kumene kumakumata malaya pamsana usanayambe n'komwe ntchito.

M'kalasi yathu tinalipo khumi ndi mmodzi. Ndinayambira pa nambala 7. Pa kona yoyamba awiri a kutsogolo anakhudzana, mmodzi n'kupotolokera mu udzu, ine ndinadutsa mkati. Pakati pa mpikisano wina injini inamutenthera n'kutuluka. Kuyambira pamenepo ndinali pambuyo pa galimoto yabuluu, ndipo kwa maulendo asanu ozungulira sindinaone china chilichonse padziko koma bampala yake. Ndinazindikira kuti pa kona ina yotsetsereka ankaponda buleki msanga. Ulendo wachiwiri kumapeto ndinadikira kamphindi kochepa ndisanaponde yanga, galimoto inanjenjemera, matayala analira, koma inagwira. Nditaona mbendera yomaliza sindinadziwe kuti ndili pa nambala yanji. Ndinadziwa pamene munthu wovala zoyera pa khomo lotulukira anandilozera dzanja kumanzere, ku impound, kumene oyamba amakaimitsa magalimoto awo kuti ayenderedwe. Ndinakuwa ndekha m'chisoti. Zaka makumi anayi ndi zitatu, mwana wa ku Ndirande, wachitatu.

Ku impound sukhudza galimoto. Suthira kanthu, suchotsa kanthu, umangodikira. Ndinazimitsa injini, anthu awiri anandikankha, matayala anakwera pa mbale za sikelo, gu gu. Pa tebulo pansi pa tenti panali mayi wina wa chipewa cha udzu, maso ali pa kabokosi koonetsa manambala. Anayang'ana kabokosi, anasuzumira pa chitseko changa, n'kumwetulira. Ndinali pamwamba pa sitika ndi mapaundi 13. Dzanja lake linali litayamba kukwera kuti andiuze ndipite.

Pambali pake panaima bambo ena a ndevu zoyera, amene anayendera magalimoto amenewa zaka zambiri. Iwo sanayang'ane kabokosi. Anayang'ana sitika, anayang'ana zilembo za SM, chidule cha Spec Miata, pa chitseko, anabwerera pa sitika. Anawerama pa zenera.

"Bambo, galimotoyi ndi ya chaka chanji?"

"Ya 1991."

"Injini ndi ya 1.6?"

"Inde."

"Tadikirani pang'ono."

Anatsegula buku pa tebulo, anayendetsa chala, anaitana mayi uja kuti aone. Kumwetulira kuja kunazimirira. Anabweranso pa zenera n'kundionetsa mzerewo ndi maso anga. Nambala ya m'buku inali yokwera ndi mapaundi 20 kuposa ya pa chitseko changa. Ndinali wopereweza ndi 7.

Anachita zonse mwachilungamo, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Ananditsitsa pa sikelo, anaibwezera pa ziro, anandikwezanso. Anatembenuza galimoto n'kuikweza chammbuyo. Nambala sinasunthe. Mapaundi 7 ndi makilogalamu atatu okha, kulemera kwa nkhuku ziwiri zabwino. Ndinakhala m'galimotomo thukuta likutsikira m'maso, manja akadali pa chiwongolero, ndikuwerengera m'mutu kumene mapaundi anga 20 apita. Onse anamezedwa ndi kusiyana kwa manambala awiri aja. Otsalawo anachoka pang'onopang'ono: thukuta la tsiku lotentha, matayala ndi mabuleki operesedwa, ndi kusiyana kwa masikelo a mnzanga ndi sikelo ya pa bwalo. Ndinayesa kunena kuti kunyumba ndinayeza bwinobwino. Bambo aja anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati sikelo imene imawerengedwa ndi ya pa bwalo tsiku limenelo, ndipo nambala imene imawerengedwa ndi ya m'buku. Amene anagulitsapo chimanga kapena fodya akudziwa kuti sikelo ya kumudzi imangokupatsa chithunzi, ndalama zimachokera pa sikelo ya pamsika. Ndinkazidziwa zimenezi kuyambira ndili mwana, koma sindinazitengere ku bwalo.

Analemba pepala n'kulitumiza kwa mkulu woyang'anira mpikisano. Ndinaitanidwa m'kachipinda kena, ndikadali m'zovala zothamangira. Mkuluyo anandifunsa mmene zinakhalira, ndinafotokoza zonse, za sitika, za masamu a pa khoma. Anandikhulupirira, ndinaona m'maso mwake. Koma anati galimoto yopereweza ndi yopereweza, kaya mwadala kaya mosadziwa, chifukwa amene anamaliza pambuyo panga ananyamula kulemera kwawo konse mpikisano wonse. Anandichotsa pa malo achitatu n'kundiika kumapeto kwa kalasi. Analemba m'kabuku ka galimoto kuti nambala ikonzedwe ndisanalowenso pa bwalo, ndipo pa chikalata changa cha ophunzira analembaponso mawu. Anandiuza kuti ndili ndi ufulu wodandaula, kuti pali ndalama yolipira ndipo nthawi yake ndi yochepa. Sindinadandaule. Panalibe chodandaula.

Chimene chinandipweteka kwambiri si chikho. Ndinali munthu wakuda ndekha pakati pa oyendetsa onse tsiku limenelo, watsopano, wa kalankhulidwe kachilendo, ndipo ulendo woyamba kufika kutsogolo ndapezeka ndi galimoto yopepuka ndi nambala yabodza pa chitseko. Mwini galimoto yabuluu ija akanaganiza chiyani? Ndinkaopa kuti dzina la wakuba lindimata, ndipo dzina lotere likakumata silichoka ndi sopo. Ndinayenda kubwerera kumene tinaimika ngolo ndikuyang'ana pansi.

Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 9, anandithamangira. "Adadi, chikho chija chili kuti?" Anali atauza kale ana a pa tenti yoyandikana nafe kuti bambo ake apambana. Ndinagwada n'kumuuza kuti galimoto inapezeka yopepuka, kuti ndinalakwitsa ine. Anafunsa ngati anthuwo atibera. Ndinati ayi, sanatibere, achita ntchito yawo. Mayi ake sanalankhule zambiri. Ananditambasulira mbale n'kunena kuti, "Bambo, idyani kaye, zinazo muziona mutakhuta." Nsima inali itazizira. Ndinadya mbamu ziwiri zokha.

Madzulo alamu anayamba kupereka nzeru. "Alamu, mapaundi 7 okhawo? Mawa tingoponya jeke ndi masipanala kuseri kwa mpando, nkhani yatha." Ankanena mofuna kundithandiza, koma ndikupemphani, musayese. Chitsulo chosamangidwa m'galimoto yothamanga chimasanduka mwala wa legeni ukagunda khoma, ndipo oyendera akachiona sakulola n'komwe kulowa. Zolemetsa zili ndi malamulo ake: malo ake, kukula kwa chidutswa chilichonse, ndi mabawuti ake. M'kalasi yathu zimamangidwa pansi kumbali ya mpando wa wokwera, ndi mabawuti a theka la inchesi obowoleza pansi pa galimoto, okhala ndi mawashala akuluakulu kuti chitsulo chisang'ambe lata.

Amene anatipulumutsa ndi mwini galimoto yabuluu ija. Ndinamuona akubwera chakumadzulo, mtima wanga n'kugunda. M'manja ananyamula chitsulo chafulati, cholemera mapaundi 25, chobowola kale mabowo awiri. Anachiika pansi n'kunena kuti wamva zimene zachitika, kuti iyenso zinam'chitikirapo zaka zapitazo atasintha batire n'kuiwala kuyezanso, ndipo ndim'bwezere chitsulocho nyengo ikatha. Anawonjezera kuti pa kona yotsetsereka paja ndinamudutsa bwino, ndipo mapaundi 7 si amene anam'dutsa. Mawu amenewo ndinawasunga. Koma malo achitatu anali ake, ndipo ndinam'gwira chanza.

Mabawuti oyenera tinalibe. Alamu anayendetsa mphindi makumi anayi kukafuna sitolo ya zitsulo, anaipeza itatsala pang'ono kutseka. Tinabowola pansi pa galimoto ndi chobowolera chobwereka, mwana wanga atagwira tochi, udzudzu ukutidya. Ndinakwawira pansi kukagwira manati, alamu akumanga pamwamba. Kenako ndinasenda kasitika kaja ndi chikhadabo. Kanali kouma, kanachoka tizidutswatizidutswa. M'malo mwake ndinamata tepi yoyera, ndinatsegula buku pa foni, ndinawerenga mzere wa galimoto yanga katatu, ndinapatsa alamu kuti awerengenso mokweza, n'kulemba ndi cholembera chakuda: SM, kenako nambala. Mbali zonse ziwiri, popeza sudziwa kuti tebulo la sikelo likhala mbali iti. Tinagona itadutsa 11 koloko.

Nambalayo sindiilemba pano, ndipo ndachita dala. Wina angaikopere kwa ine monga ndinaikopera pa chitseko, pamene manambalawa amasintha. Bungwe limatha kukweza kapena kutsitsa mlingo wa galimoto ina pofuna kuti mpikisano ukhale wofanana, ndipo zosinthazo zimalengezedwa m'chikalata cha mwezi ndi mwezi chotchedwa Fastrack.

Lamulungu m'mawa ndinayenera kukaonetsa galimoto kwa oyendera kuti afufute mawu a m'kabuku, ndi kuyezanso. Mzere unali wautali. Pamene ankamaliza kuona mabawuti anga, gulu lathu linali litalowa kale pa bwalo kukathamangira malo oyambira. Ndinawamva akudutsa ndili pa sikelo. Ndinayamba mpikisano wa masana kumbuyo kwa onse, ndinamaliza wa nambala 8. Nditatuluka ndinapita ndekha ku sikelo popanda wondiitana. Ndinali pamwamba ndi mapaundi 17. Mayi wa chipewa cha udzu uja anandionetsa kabokosi kuti ndidzionere.

Lolemba ndinaimbira foni bambo a ku Ohio aja. Sindinaimbe kuti ndiwadzudzule, ndinkangofuna kumvetsa. Anakhala chete kanthawi, kenako anakumbukira. Galimotoyo ankaithamangitsa m'makalasi awiri, monga amachitira ambiri a Miata pofuna kupeza nthawi yochuluka pa bwalo ndi galimoto imodzi. Inali ndi masitika awiri, ina pamwamba pa inzake. Chaka china mbali imeneyo inagundidwa, anapenta, ndipo anabwezerapo sitika ya kalasi imene ankathamangamo nthawi imeneyo yokha, yopanda zilembo, chifukwa iwo ankadziwa tanthauzo lake. Nambala ija inali yoona, koma ya kalasi ina. Anapepesa kwambiri. Ndinawauza kuti palibe chopepesa. Funso la mawu anayi, "ndi ya kalasi iti," likanatha zonse tsiku logula lija, ndipo wofunsa anayenera kukhala ine.

Ndiwerengere zimene zinapita, chifukwa pa masewerawa anthu amakonda kubisa ndalama. Kulembetsa kwa masiku awiriwo kunali madola 425. Mafuta a galimoto yokoka ngolo ndi a pa bwalo anapitirira madola 200. Matayala amene ndinagula pafupifupi madola 800 anataya gawo labwino la moyo wawo pa mpikisano umene sunawerengedwe. Lachisanu sindinapite kuntchito, ndiye kuti tsiku limodzi lopanda malipiro. Mapointi a Loweruka anapita, malo oyambira a Lamulungu anapita. Kukonza vutolo kunadya madola 14 a mabawuti, ndipo sabata yotsatira madola 18 a zilembo zodinda bwino zolowa m'malo mwa tepi. Ndikayika manambala awiriwa pafupi, madola 32 ndi zonse zija, mpaka lero m'mimba mumandipota. Kunyumbanso kunali nkhani. Mayi a kunyumba anandifunsa mofatsa ngati ndalama zimenezi sizikanathandiza kwina, poti kumudzi tikumanga ndipo fizi ya mwana wa achemwali ili pa ife. Linali funso loyenera. Tinagwirizana kuti chaka chimenecho nditsala ndi mpikisano umodzi wokha m'malo mwa itatu imene ndinakonza, ndipo chifukwa cha zimenezo chilolezo changa chonse chinachedwa mpaka chaka chotsatira.

Masiku ano buku latsopano likatuluka ndimayamba ndi mzere wa galimoto yanga, ndisanaone china chilichonse, n'kupita ku galaja kukaufananiza ndi zimene zili pa chitseko. Fastrack ndimaitsegula mwezi uliwonse ngakhale ndikhale wotopa. Ndikasintha chinthu, kaya batire, kaya mpando, kaya paipi ya utsi, ndimayezanso, ndipo thupi langa ndimaliwerengera ngati chimodzi mwa zipangizo za galimoto. Sikelo ya kubafa ndinaisintha kuti izionetsa mapaundi, chifukwa mutu wanga umaganiza m'makilogalamu ndipo kutembenuza manambala uli wotopa ndi khomo lina la zolakwa. Ndikafika pa bwalo lililonse ndimaima pamzere wa sikelo m'mawa woyamba, ndipo ndimakonda kuyezanso nditangotuluka koyeserera, thanki ili pafupi ndi mmene idzakhalire pomaliza, popeza chimene amayeza ndi galimoto yomaliza mpikisano osati yoyamba. Masikelo a mabwalo amasiyana ndi mapaundi angapo, ndiye ndili ndi kope limene ndimalembamo bwalo, tsiku, mafuta ndi nambala.

Pa za mpata wosiya pamwamba anthu amatsutsana. Akatswiri a kutsogolo amasiya mapaundi asanu kapena kucheperapo, chifukwa injini ya 1.6 inkatuluka ku fakitale ndi mphamvu za akavalo 116 zokha ndipo paundi iliyonse amaimva. Iwo ali ndi zifukwa zawo, amadziwa galimoto zawo mpaka kapu ya petulo. Kwa watsopano, ine ndimati siyani mapaundi 15. Zimene mumataya pa kona imodzi yolowa molakwika n'zochuluka kuposa zimene mapaundi amenewo angakulandeni mpikisano wonse. Ndipo ngati mwapezeka wopereweza pang'ono m'mawa mulibe chitsulo, galoni kapena awiri owonjezera a petulo amathandiza tsiku limenelo, bola muwerengere kuti akhalemo mpaka kumapeto.

Chitsulo chija ndinabweza mu Okutobala, pamodzi ndi botolo la tsabola wa kambuzi amene mayi a kunyumba anakonza. Ndinagula changa.

Mu Juni 2023 tinabwerera pa bwalo lomwe lija. Ndinamaliza wachisanu, koma tsiku limenelo anaitana kalasi yathu yonse ku sikelo. Pamene ankandikankha, ndinaona bambo a ndevu zoyera aja ali pamalo awo. Anayang'ana chitseko, zilembo ziwiri ndi manambala anayi, anayang'ana kabokosi, n'kugogoda kawiri pa denga la galimoto kuti ndipite. Mwana wanga anali kuseri kwa chingwe ndi kope lija ndi pensulo. Anafuula kuti, "Adadi, zingati?" Ndinam'tambasulira zala kudzera pa zenera, khumi kenako zinayi, iye n'kuwerama kulemba.